ULENDO WA PA NDEGE YOSAULUKA: KU MINDA YA MPESA YA KU CAPE

Anzanga, m'kalasi mwathu tilimo ambiri, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anakwerapo ndege. Inenso sindinakwerepo. Komabe pa chuthi capitaci ndinauluka kucokera ku Chileka kufikira ku Mulanje, ndiponso ndinazungulira pamwamba pa minda ya mpesa ya ku South Africa, osacoka pa mpando wanga pa Ginnery Corner. Musandiyese wabodza kapena mfiti youluka pa licero. Werengani kufikira kumapeto, ndipo a Fomu 3 ndi a Fomu 4 adzatolamo zina zowathandiza pa mayeso a Jogalafe.

Cimene cinandicititsa ndi ici. Acimwene anga, oyamba kubadwa m'nyumba mwathu, anapita ku South Africa zaka zitatu zapitazo kukafuna nchito. Anayenda pa basi njira ya ku Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare ndi Beitbridge, nakhala pang'ono ku Johannesburg, kenaka anatsikira ku Cape, kumene agwira nchito m'munda wa mpesa pafupi ndi mzinda wa Paarl. Ndarama zimene ndilipira pa sukulu pano, za cakudya ndi za pogona zomwe, zicokera m'munda umenewo. Amai amandifunsa kawirikawiri kuti, "Iwe wophunzirawe, kodi kumene kuli mkuru wakoko n'kotani?" Ndipo ine ndinali kucita manyazi, pakuti yankho langa linali mau awiri okha a m'buku la Jogalafe amene ndinaloweza osawamvetsa. Zithunzi zimene acimwene atumiza pa WhatsApp sizithandiza: mumaoneka nkhope yao ndi khoma basi.

Pa chuthi ndimakhala kwa atsibweni anga, amene agwira nchito pafupi ndi Ginnery Corner, pamene mseu waukuru wa Chipembere upitirira ku Limbe, kufupi ndi cipatala ca Queen Elizabeth. Ca komweko kuli kanyumba kena kosindikizirako makalata, ndipo muli makompyuta anai amene munthu amalipira pa ola. Mkuru woyang'anira pamenepo, ataona kuti ndikubvutika ndi mapu, anati, "Acimwene, bwanji osangoulukirako?" Ndinayesa nthabwala.

Makina ace

M'kompyutamo munali Google Earth. Amenewa ndi mapu a dziko lonse lapansi, koma si mapu olemba ndi inki ai. Ndi zithunzi zojambulidwa kumwamba ndi masetilaiti ndi ndege, zolumikizidwa ngati zigamba za nsaru, ndi kuyalidwa pa mapiri ndi m'zigwa molingana ndi msinkhu wace wa malowo. M'caka ca 2007 eni ace anabisamo masewera a ndege. Ukadina mabatani atatu pamodzi, Ctrl, Alt ndi A, umafunsidwa kusankha ndege imodzi mwa ziwiri: F-16, imene iri ndege ya nkhondo, kapena SR22, kandege kakang'ono koyenda pang'onopang'ono. Anyamata onse amathamangira F-16, ndipo onse amagwa. Wofuna kuphunzira atenge kakang'onoko.

Nzeru yophunzira kuuluka uli pansi si yatsopano. M'caka ca 1929 mnyamata wina wa ku Binghamton ku America, dzina lace Edwin Link, anapanga kabokosi kokhalamo munthu mmodzi, kokhala ndi timapiko tating'ono. Atate wace anali ndi fakitale ya malimba a m'chalichi ndi mapiyano, cotero iye anatenga mibvukuto ya malimbawo kuti izipendeketsa bokosilo uku ndi uku monga icitira ndege. Poyamba anthu analiyesa coseweretsa ana. Koma m'caka ca 1934, oyendetsa ndege angapo a asilikari a ku America atafa ponyamula makalata m'nyengo yoipa, akuru a nkhondo anagula mabokosi asanu ndi limodzi. Pa Nkhondo Yaciwiri ya Dziko Lonse anthu oposa 500,000 anaphunziriramo kuyendetsa ndege. Phunziro lace lalikuru linali lakuti mu mtambo kapena mu mdima munthu asakhulupirire thupi lace, koma akhulupirire mawochi a patsogolo pace.

Phunziro lomwelo ndinaliphunzira ndi manyazi. Pa galasi la kompyuta pamaoneka manambala obiriwira: kumanzere liwiro, kumanja msinkhu m'mapazi, pamwamba kampasi. Ndinayambira ku Chileka, ndinakwera kufikira mapazi 4,500, ndi kuganiza kuti ndiri kutali ndi nthaka. Posakhalitsa ndinawomba phiri la Ndirande. Colakwa canga cinali ciani? Nambala ija iwerenga msinkhu kuyambira pa nyanja ya mcere, osati pa nthaka imene iri pansi pako. Chileka payekha ali kale pa mapazi oposa 2,500, ndipo Ndirande, amene ali mamita ngati 1,600, apitirira mapazi 5,000. Aphunzitsi athu ananena zimenezi kambirimbiri pophunzitsa mizere ya pa mapu yosonyeza kukwera kwa mtunda, koma zinandilowa m'mutu tsiku limene ndinaphwanya ndege. Kaciwiri ndinagwa cifukwa ca mantha: ndinakweza mphuno ya ndege kopitirira, liwiro linacepa, mapiko analeka kugwira mphepo, ndege nigwa ngati mwala. Ola loyamba linatha cotero, ndi ndarama zace zomwe.

Poyamba kwathu konkuno

Ndinaganiza kuti ndisanapite kwa eni ndiyambe ndayesa maso anga pa dziko limene ndilidziwa. Ndinadutsa pamwamba pa Ginnery Corner pomwepo, ndi kuona madenga a cipatala, bwalo la mpira la Kamuzu ku Chichiri, ndi phiri la Soche kudzanja lamanja. Ndinatsata mseu wa ku Limbe ndi Bvumbwe kufikira ku Thyolo.

Munthu wa pa minibasi amaona tiyi m'mbali mwa mseu nati n'ngokongola. Wa m'mwamba amaona zina. Minda ya tiyi ioneka ngati mphasa yobiriwira yosang'ambika, yodulidwa ndi tinjira toongoka. Pakati pace pali madamu, nkhalango za bulugama za nkhuni zoumitsira masamba, fakitale, ndi mizere ya tinyumba ta anchito. Tsono pamene pathera esiteti pali mzere wooneka ngati wolemba ndi rula, ndipo kuseri kwace midzi yapanikizana, timinda tating'onoting'ono tafika mpaka pa zitunda zotsetsereka. Nkhani ya kusowa kwa malo ku Thyolo ndi ku Mulanje ndinali kuimva pa wailesi. Tsiku limenelo ndinaiona ndi maso.

Tiyi anayesedwa koyamba pa Mishoni ya Blantyre m'caka ca 1878, ndipo m'caka ca 1891 Henry Brown anamubzala ku Mulanje, kumene anakula bwino. Cifukwa cace cioneka ukauluka kuzungulira phirilo. Sapitwa ali mamita 3,002, ndiwo mapazi ngati 9,850. Mphepo ya cinyezi yocokera kumwera ca kum'mawa ikagunda khoma limeneli imakwera, nizizira, nigwetsa mvula ku mbali ya kumwera, kumene kuli minda ya tiyi. Mbali ya ku Phalombe itsala youma. Ndiponso m'miyezi ya cisanu ciperoni amanyowetsa masamba pamene kwina konse kuli pfumbi. Gwirani mfundo imeneyi, pakuti tidzaifuna posacedwa: tiyi afuna mvula ndi kutentha pa nthawi imodzi.

Ku Cape

Kucokera ku Blantyre kufika ku Cape Town ndi makilomita oposa 2,500 mosakhota. Pa kandege kanga ulendowo ukadatenga maola ngati asanu ndi atatu, ndipo thumba langa silikadalola. Cotero ndinaba njira: ndinatembenuza dziko ndi cala, ndi kuyambira ulendo pamwamba pa nyanja, pafupi ndi phiri la Table Mountain.

Kuseri kwa phirilo kuli Constantia. Kenaka ndinalunjika kum'mawa, makilomita ngati 50, kufikira ku Stellenbosch; ndinadutsa pambali pa phiri la Simonsberg kulowa m'cigwa ca Franschhoek, ndi kukhotera kumpoto ku Paarl, kumene kuli matanthwe akuruakuru osalala ofanana ndi ena a kwathu kuno. Munda wa mpesa suoneka ngati wa tiyi. Uli ndi mizere yoonda yotalikirana, nthaka ikuoneka pakati, ngati mutu wa mwana woluka bwino. Munda uwu mizere yace yaloza uku, winawo yaloza kwina. Minda yadzaza pansi pa zigwa ndi m'munsi mwa mapiri. Pamwamba pali miyala ndi chire lokha. Ndipo pafupifupi munda uliwonse uli ndi damu lace. Ndinadzifunsa: dziko lobiriwira cotere, madamu onsewa n'ngaciani?

Yankho lace ndiwo mau awiri aja amene ndinaloweza, nyengo ya Mediterranean. Kuno kwathu mvula igwa m'miyezi yotentha, kuyambira November kufikira April, ndipo cisanu cathu n'couma. Ku Cape zinthu n'zotembenuka. Mvula yao igwa m'cisanu, makamaka kuyambira May kufikira August, ndipo miyezi yotentha ndiyo youma. Madamu aja asunga madzi a m'cisanu kuti athirire m'cilimwe. Mpesa ukondwera ndi nyengo yotere. M'cisanu umayoyola masamba onse nugona, ndipo ndi pamene anchito amaudulira. Kukayamba kufunda umaphuka, ndipo mphesa zimapsa pa dzuwa lopanda mvula, ndi kukololedwa kuyambira January kufikira March kapena April. Tsono taganizani mpesa womwewo uli ku Thyolo. Mphesa zikadapsa pakati pa dzinja, zikadamwa madzi ndi kuphulika, nguwi ndi cinyezi zikadazibvunditsa zisanatsekemere. Mvula imene ilemeretsa tiyi ndi yomweyo imene ikadapha mpesa. Ndi cifukwa cace vinyo amene apangidwa ku Lilongwe ndi a Linga ndi wa zipatso zina, monga jambula ndi magwafa.

Mabuku amati minda yambiri ya mpesa iri pakati pa madigiri 30 ndi 50 kumpoto kapena kumwera kwa ikweta. Cape Town ali pa 34, Blantyre ali pafupi ndi 16. Koma musaloweze lamuloli ngati kuti lilibe popumira, pakuti ku Dodoma ku Tanzania, pa madigiri 6 okha, amalima mpesa ndi kupanga vinyo. Kumeneko n'kouma kwambiri, ndipo ndi kuumako kumene kuthandiza.

Pali zinthu zina ziwiri zimene wouluka angazizindikire. Coyamba, nyanja iri pafupi, ndipo madzi ace a ku madzulo n'ngozizira cifukwa ca mtsinje wa m'nyanja wochedwa Benguela. M'cilimwe kumaomba mphepo yamphamvu ya kumwera ca kum'mawa, imene eni ace aicha Cape Doctor. Imaziziritsa minda ndi kuumitsa masamba, matenda nacepa. Caciwiri, kuno kwathu dzuwa limadutsa pa liwombo kawiri pa caka, koma ku Cape masana limakhala ca kumpoto caka conse. Cotero munda wopenya kumpoto umatentha, ndipo wopenya kumwera umazizirirako, ngakhale iri pa phiri limodzi. Mlimi amasankha mtundu wa mpesa poyang'ana zimenezi. Pa mapu a pepala mfundoyi n'njobvuta kuigwira. Koma ukazungulira Simonsberg pa ndege ukuyang'ana kampasi, imamveka yokha.

Za kapangidwe ka vinyo sindidzacurutsa mau, popeza tiri ana a sukulu ndipo malamulo tiwadziwa. Ndi sayansi yomwe ija ya yisiti kudya shuga ndi kuturutsa mowa ndi mpweya. Kufiira kwa vinyo wofiira kucokera ku makungu a mphesa, osati ku madzi ace.

Anabzala ndani, analima ndani

Jan van Riebeeck, wanchito wa kampani ya malonda ya ku Holland, anafika ku Cape m'caka ca 1652, ndipo vinyo woyamba anafinyidwa pa 2 February 1659. Simon van der Stel anakhazikitsa Stellenbosch m'caka ca 1679, nadzitengera munda wa Constantia m'caka ca 1685. M'caka ca 1688 kunafika anthu a ku France othawa kwao cifukwa ca cipembedzo, ochedwa Huguenots, napatsidwa malo m'cigwa cimene lero cichedwa Franschhoek, ndiko kunena Ngodya ya Afalansa. Ndinaseka ndekha poganiza kuti ndacoka pa Corner ina ndi kukafika pa Corner inzace. M'caka ca 1886 kacirombo kodya mizu, phylloxera, kanalowa m'minda ndi kuononga kwambiri, ndipo alimi anapulumuka pomezanitsa mipesa yao pa mizu ya mipesa ya ku America imene kacirombako sikaipha. Ndi kumezanitsa komwe kuja ticita ndi mango pa phunziro la Ulimi.

Maina amenewa ndiwo alembedwa m'mabuku ndi pa mabotolo. Koma malowo anali odyetserako ziweto a anthu a mtundu wa Khoikhoi, ndipo amene anagwira khasu m'mindamo anali akapolo ocokera ku Madagascar, ku India, ku zisumbu za Indonesia, ndi ku Mozambique, dziko loyandikana nafe. Ukapolo unathetsedwa kumeneko m'caka ca 1834. Pambuyo pace panatsala mwambo woipa wolipira anchito ndi vinyo pamodzi ndi tindarama tocepa, wochedwa dop. Lamulo linauletsa m'caka ca 1960, koma m'minda ina unapitirira kufikira zaka za m'ma 1990, ndipo unasiya ucidakwa ndi ana odwala m'mabanja ambiri.

Ndinapitiriza ulendo kutsata mseu wa N1, kudumpha mapiri, kupitirira Worcester, kufikira cigwa ca mtsinje wa Hex, kumene alima mphesa zodya. Cigwa cimeneci, kunena zoona, ndico cokongola koposa zonse zimene ndinaziona. Pakati pace pali tauni yaing'ono ya De Doorns. Pomwepo m'mwezi wa November 2009 anthu a ku Zimbabwe oposa 2,000 anathamangitsidwa m'nyumba zao ndi anzao olimbirana nao nchito. Pomweponso m'caka ca 2012 anchito a m'minda ananyanyala, nati R69 pa tsiku siikwanira, afuna R150. Ndipo m'mwezi wa March 2013 boma linakweza malipirowo kufika R105. Ndinatsitsa ndege kwambiri pamenepo, ndi kuona tinyumba ta malata tothithikana m'mbali mwa mseu, mzere wace woongoka ngati uja wa ku Thyolo.

Apa ndi pamene pali malire a makinawa, ndipo wophunzira awadziwe. Cithunzi ciri conse n'ca tsiku lina lakale, ndipo tsikulo limalembedwa pansi pa galasi ukaturuka m'ndege. Kawirikawiri amasankha tsiku lopanda mitambo. Simugwa mvula, simuomba mphepo, ndipo ukatsika kwambiri mitengo ndi nyumba zina zimaphwathalala ngati zopondedwa. Koposa zonse, mulibe anthu. Ndinauluka maola atatu pamwamba pa minda imene idyetsa anthu zikwizikwi, osaona ndi mmodzi yemwe atawerama. Agogo anga amuna, amene anapita ku migodi pa Wenela, anakweradi ndege yeniyeni, ndipo amasimbabe za ngozi ya ku Francistown ya pa 4 April 1974, imene inapha Amalawi oposa 70 ndi kucititsa boma kuimitsa ulendo wa ku migodi. Iwo akamva za ndege yanga amangopukusa mutu, nati ndege yogwa munthu n'kudzuka si ndege.

Madzulo ace ndinabwereka lamya ya atsibweni.

"Acimwene, lero ndaona kwanuko."

"Waona bwanji iwe?"

Ndinawafotokozera, ndi kuchula mapiri ndi mitsinje monyada ndithu. Anaseka, nati maina enawo iwo sawadziwa n'komwe, pakuti amacoka pa munda kamodzi pa mwezi. Anandiuza zimene kompyuta siinandiuze: kuti pa nthawi yokolola amayamba kuthyola kusanace, mphesa zisanatenthe, kuti madzi a mphesa amamata m'manja ndi kuitana mabvu, kuti kudulira kwa mu July kucitika pa mvula yozizira imene ing'amba zala, ndi kuti kukolola kukatha anchito ambiri amauzidwa kuti adikire caka camawa. Ndinawafunsa kuti nyumba yao iri poti. Anati, "Ukaona damu, ndi shedi ya denga lofiira, ife tiri kuseri kwace."

M'mawa mwace ndinalipira ola lina ndi kufunafuna. Anzanga, kuzungulira Paarl kuli madamu osawerengeka, ndipo madenga ofiira ndiye musanene. Ndinazungulira kufikira mkuru uja anandigwira pa phewa kuti nthawi yatha. Ndinamupempha andisindikizire cithunzi cimodzi ca cigwaco, ca mitundu, ndipo ndarama ya minibasi inathera pomwepo, ndinayenda pansi.

Sabata lomariza la chuthi ndinapita kumudzi ndi pepalalo. Amai anapukuta manja pa citenje, nalitenga, naliyang'ana nthawi yaitali. Ndinayamba kuwafotokozera za mvula ya m'cisanu ndi za mphepo ya Cape Doctor, koma anandidula.

"Nanga cimanga amalima pati?"

Ndinati kumeneko salima cimanga, ufa amagula m'sitolo.

"Mwana wanga," anatero, osati kwa ine. Kenaka anafunsa, "Tsono iyeyo ali pati apa?"

Ndinayang'ana madamu asanu ndi awiri amene anali pa pepalapo. Ndinasankha limodzi lokhala ndi denga lofiira pambali, ndi kuika cala kuseri kwace. Amai anaika cala cao pomwepo, nakhala cete. Atatero anapinda pepalalo kanai, nakaliika m'sutukesi momwe asungira makadi athu a ku sikelo.